Kusankha mutu wa chimangirizo pa nthano zazitali zamatsenga

Achemwali, mwafunsa mutu umene mungasankhe pa chimangirizo chosanthula nthano zazitali za mtundu wa fantasy, zimene zimachitikira m'maiko opeka odzaza ndi matsenga, zinjoka ndi mizimu, ndipo mwati mukulingalira zolemba za kulimbana kwa zabwino ndi zoipa. Ndikukulangizani kuti mutu umenewo muusiye. Vuto lake ndi lakuti ungakwane pa buku lililonse la mtunduwu, ndipo mutu wotere umakokera wolemba kumangobwereza tsatanetsatane wa nkhani, chonsecho aphunzitsi anu nkhaniyo akuidziwa kale ndipo akudikira kumva maganizo anu.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi iyi: pezani lamulo limodzi limene mlembi anaika m'dziko lake lopekalo, kenaka mufunse kuti lamulolo limalipiritsa ndani, ndipo amalipira chiyani. Mlembi waluso salola kuti matsenga azichitika mwaulere, ndipo pamene pali malipiro ndi pomwe pamabisala mfundo yaikulu ya buku.

Titenge A Wizard of Earthsea ya Ursula K. Le Guin, imene inatuluka mu 1968. M'dziko limenelo chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo amakhala ndi mphamvu pa mwini wake, kotero kuti kuuza mnzako dzina lako ndi kuika moyo wako m'manja mwake. Mnyamata Ged, chifukwa cha matama, amaitana mzimu wa wakufa, n'kumasula chithunzithunzi choopsa chimene chimamusaka kufikira pamene iye anatembenuka, kuchitsata ndi kuchitchula dzina la iye mwini, lakuti Ged. Apa mungafunse kuti: kodi m'bukuli kutchula dzina ndi kulamulira kapena ndi kuvomereza? Mutu umenewu ndimaukonda kwambiri chifukwa ife tili nawo kale makutu oumvera, popeza kwathu dzina la munthu wamkulu silitchulidwa wamba, ndipo wochokera kuchinamwali amabwera ndi dzina latsopano. Chidziwitso chimenechi chikuthandizeni kuona zimene owerenga ena angazidumphe, koma umboni wanu wonse uchokere m'buku momwemo.

Ngati aphunzitsi anakupatsani The Lord of the Rings ya J.R.R. Tolkien, imene inasindikizidwa mu 1954 ndi 1955, musayambire pa nkhondo zikuluzikuluzo. Kumbukirani kuti Frodo, amene anasenza udindo wokawononga mphete yoipa yamatsenga, atafika paphiri la moto analephera kuiponya m'motomo, ndipo inawonongeka kudzera mwa Gollum, amene kale mpheteyo inali m'manja mwake, yemwe Frodo ndi mbale wake Bilbo anamuleka ndi moyo chifukwa cha chifundo. Funso lakuti n'chifukwa chiyani mlembi anapereka chipambano kwa chifundo pamene mphamvu za ngwazi zinatha likhoza kudzaza masamba onse amene mwapatsidwa. Mungathenso kusanthula chifukwa chimene Frodo sanapezere mtendere atabwerera kwawo ku Shire, pokumbukira kuti Tolkien anali msilikali pa nkhondo ya ku Somme mu 1916, m'kati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pamenepo muyende mosamala, chifukwa mlembiyo ananena yekha kuti sankakonda nkhani zimene chilichonse chimangoimira chinthu china, ndipo anakana kuti buku lake ndi fanizo la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Mukafuna buku la ku Africa kuno, pali The Palm-Wine Drinkard ya Amos Tutuola wa ku Nigeria, ya mu 1952, momwe chidakwa chimapita kumudzi wa akufa kukafuna wantchito wake amene ankachitungira vinyo m'mitengo ya kanjedza. Mungafufuze mmene kakambidwe ka nthano za Chiyoruba kanasungikira nkhaniyo italowa papepala.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene ndachiona chikusokoneza ophunzira: musathamangire kutcha matsenga onse a m'mabukuwa kuti ufiti. Mawu amenewo amabwera ndi chiweruzo chake, ndipo mukawagwiritsa ntchito pa Ged, amene matsenga anawaphunzira kusukulu ngati luso, mudzakhala mutatseka funso musanalifunse.

Musanapereke mutu wanu kwa aphunzitsi, ulembeni ngati funso limene munthu wanzeru angathe kutsutsana nanu pa yankho lake, ndipo mupeze ndime zitatu za m'bukumo zokuikirani kumbuyo, ndi ina imodzi yooneka ngati ikukutsutsani. Ndimezo zikasowa, sinthani mutu nthawi ikadalipo. Ndikadakhala inu ndikadasankha buku limodzi lokha, la Le Guin lija, chifukwa ndi lalifupi moti mukhoza kuliwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo muziika chizindikiro paliponse pamene wina akupereka, kubisa kapena kulanda dzina.