Za mfuti ya agogo ija

Eee, mphwanga, zithunzi zako ndaziona, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa. Wafunsa ngati mfuti mwaipeza kudenga kwa agogo ku Likhubula ija ndi gogodera, ndiponso ngati ungaigulire zipolopolo kuti uziopsezera anyani otsika m'phiri aja. Choyamba, chonde, usaikemo chipolopolo. Uziigwira ngati muli kale china m'katimo, kukamwa kwake kuziloza pansi, ndipo ana asayandikire.

Si gogodera ayi. Gogodera amathira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kandodo. Iyi ndi yothyola pakati, ya mipope iwiri.

Tsono taona chithunzi chako chachiwiri chija. Waiona mizere yopotanapotana ngati chingwe cha khonje? Iwe umati ndi dzimbiri, koma ndi mapangidwe ake. Mipope yotere amaitcha Damascus. Amisiri akale ankatenga timizere ta chitsulo chofewa ndi cholimba, n'kutipota, n'kutikulunga pa ndodo yachitsulo tili psuu ndi moto, kenako kusula ndi nyundo mpaka tigwirane. Ndiye kuti mpope wonsewo ndi misoko yokhayokha, kuyambira kumutu mpaka kukamwa. Ndi chinyontho cha kwathu kuja, chiperoni chaka ndi chaka, dzimbiri limadya m'misokomo kunja kukuoneka bwinobwino. Komanso yambiri inapangidwira wonga wakuda wa utsi uja, osati wa masiku ano. Mpope wotere ukang'ambika, dzanja lako lamanzere limakhala pomwepo. Ndi zimene zikundiopsa ine.

Palinso china. Mfuti zambiri zakale za ku England, malo ogona chipolopolo ndi mamilimita 65, pomwe zipolopolo zambiri za lero ndi za 70. Chachitalicho chimalowa ndithu, n'kutseka bwino, chifukwa kukamwa kwake n'kopinda. Chikamawomba m'pamene chimasowa potambasukira.

Kumene inachokera tidziwa ndi zidindo. Kathabwa kapansi pa mipope kaja kamachoka, mipope n'kumasuka, ndiye pansi pake pafupi ndi pothyokera pamakhala tizilembo. Pakakhala ELG m'kamzere kozungulira ngati dzira, ndi ya ku Liège ku Belgium. Pakakhala chisoti chachifumu pamwamba pa BP kapena BV, inayesedwa ku Birmingham, kumene nyumba yoyesera mfuti ilipo kuyambira 1813. Nambala 12 ndi kukula kwa bowo: timipira 12 ta mtovu tokwana bowolo timalemera paundi imodzi. Mawu akuti NITRO akapanda kuoneka, tiitenge kuti sinayesedwepo ndi wonga wa lero. Ngakhale ataoneka, zaka zonsezi ili kudenga, ine sindingaikhulupirire. Koma usamasule wekha, ndipo usaipale ndi sandipepa, ungafufute zidindozo.

Ndiye za boma. Kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo ngakhale agogo anali nacho, chinali cha dzina lawo, si chako. Usainyamule pa kabaza kupita nayo kuboma. Uwadziwitse amfumu, kenako tipite kupolisi manja okha tikanene, iwo atiuze chochita. Uwafunsenso amayi ako ngati m'sutikesi ya agogo ija muli mapepala ake. Ine ndifika Loweruka m'mawa, tipitire limodzi.