Bambo, ntchito ya mulaibulale si kupukuta fumbi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Wapeza malo ku Harare Polytechnic pa maphunziro a Library and Information Science, koma bambo ake akana kulipira fizi. Akuti sanavutike kumuphunzitsa mpaka Fomu 6 kuti azikapukuta fumbi pamashelufu, ndipo akufuna achite zaunamwino kuti mawa apite ku UK. Mwana akufunsa kuti: "Kodi ndasankha molakwika?"

Makalata otere ndawalandira ambiri, ndipo amandipweteka mtima. Bambo, munalowa liti mulaibulale komaliza? Mukuweruza ntchito yomwe simunaione.

Tamvani zomwe mwana wanu azikachita. Wowerenga akalemba pakompyuta kuti "Malawi", kodi makina amubweretsere mabuku olembedwa "Malaŵi", okhala ndi kachizindikiro pamwamba pa w? Akasaka "ng'ombe" koma wasiya kankhodolero kaja ka pakati pa g ndi o, apeze kanthu kapena abwerere chimanjamanja? Nanga "Banda, H. Kamuzu" ndi "Banda, Hastings Kamuzu", kompyuta idziwa bwanji kuti ndi munthu mmodzi? Payokha siidziwa. Pamafunika munthu woti aiikire malamulo ofananitsira mawu. Akawakhwimitsa kwambiri, buku lilipo pashelufu koma silipezeka. Akawalekerera, wosaka amamizidwa ndi mazanamazana a mitu yosamukhudza. Chilankhulo chathu chomwechi ena amachilemba Chichewa, ena Chinyanja, ena Chewa monga mmene chilili m'malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013. Mu MARC 21, dongosolo lomwe malaibulale amalembera kaundula wa mabuku pakompyuta, zonsezi zimamangidwa ndi zilembo zitatu, nya.

Kusanja nakonso kuli ndi nzeru zake. Mutu wachingerezi woyamba ndi "The" suikidwa pa T. Pa gawo 245 la MARC, pomwe pamalembedwa mutu wa buku, pali kanambala kouza makina zilembo zoti alumphe, ndipo pa "The" amaikapo 4, kuwerengera ndi mpata womwe. Wina akaiwala kanambalako, mabuku amaunjikana pa T ngati anthu odikira kombi pa siteshoni ya Copacabana ku Harare. Palinso ISBN, nambala yozindikiritsa buku: inali ya manambala 10, kuyambira 2007 ndi ya 13, choncho buku limodzi limatha kulowa m'kaundula kawiri ngati palibe wophunzitsa makina kuti ndi lomwelo.

Tsopano iwe mwanawe, nawenso ndisakunamize. Malo a ntchito m'malaibulale ndi ochepa, ndipo amene ali pampando sachokapo msanga. Ukangotenga dipuloma n'kukhala pakhonde kudikira kuitanidwa ku laibulale ya University of Zimbabwe kapena ku National Archives, udzadikira mpaka imvi. Kalata yako sinatchule n'komwe kompyuta, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa kuposa ukali wa bambo ako. Kodi wasankha maphunzirowa chifukwa ukuwafuna, kapena chifukwa ndi khomo lokhalo lomwe linatseguka?

Ngati ukuwafunadi, yamba lero. Koha ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera malaibulale, inayambira ku New Zealand. Iike pakompyuta, ulowetsemo mabuku 50 a kunyumba kapena a kutchalitchi, uone pomwe kusaka kukulephera. Phunziranso SQL, chilankhulo chofufuzira ndi kukonzera kaundula wa pakompyuta, chifukwa luso lochotsa zobwerezabwereza m'kaundula limafunikanso kuzipatala ndi kumabanki. Digiri ukadzaifuna, yunivesite ya NUST ku Bulawayo ili nayo.

Ukamaliza mabuku 50 aja, ukawakhazike bambo ako pansi, uwapatse kompyutayo, alembe okha dzina la buku lomwe amalikonda.