Kusamutsa kakitasi wamkulu: chimamupha ndi madzi, osati ludzu

Achimwene ena a ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anditumizira imelo, akuti amanga nyumba ndiye akufuna akazule kakitasi (chomera chaminga chosunga madzi mutsinde) wotalika kuposa mamita awiri kwa achibale awo ku Changara adzamubzale pakhomo. Akufunsa ngati angagwire, komanso azimuthirira kangati.

Kugwira atha kugwira achimwene, koma kayambeni mwatsimikiza kuti ndi kakitasi zoona. Kakitasi kwawo ndi ku America, kuno adachita kubwera nawo, pomwe mitengo yambiri yaminga yomwe timaiona m'mapiri a kuno ku Tete ndi abale ake a nkhadze. Chekani pang'ono ndi mpeni, mukaona utomoni woyera ngati mkaka dziwani kuti si kakitasi ameneyo, ndipo utomoniwo ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala basi. Magalasi ndi magolovesi musaiwale.

Musanakumbe, lembani ndi choko mbali yoyang'ana kumpoto kuti mukabzale chimodzimodzi. Khungu la mbali imeneyo lidazolowera dzuwa, mukamutembenuza mbali inayo imapsa n'kusiya zipsera zosatha. Mizu yake sipita pansi kwambiri, imayenda m'mbali, ndiye kumbani mozungulira pafupifupi hafu mita kuchoka patsinde, mizu yothyoka muidule bwinobwino ndi mpeni wakuthwa. Kulemeratu, mkatimo ndi madzi okhaokha! Pezani anyamata anayi kapena asanu, mumukulunge ndi masaka kapena matiresi akale, pagalimoto agone pofewa, msewu wathu uja mukuudziwa.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Akangofika amabzala tsiku lomwelo, manyowa thoo m'dzenje, kenako ndowa ziwiri za madzi ati asafote, pakatha mwezi tsinde lafewa layamba kununkha, ndiye amati wina wawachita chipongwe. Ayi ndithu. Mugonekeni pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri mabala a mizu aume kaye, ngati muli ndi ufa wa salufa (mankhwala oteteza kuola) wazani pamabalapo. Dzenje lisazame kuposa momwe adalili kale, dothi musakanize ndi mchenga wa kumtsinje ndi timiyala, manyowa asiyeni apite kudimba. Mchirikizeni ndi mitengo itatu kwa miyezi ingapo kuti mphepo isamugwetse. Madzi ayi mpaka patadutsa masabata awiri, kenako pang'ono chabe, ndipo dothi liume kaye musanathirenso.

Nthawi yabwino kwa ine ndi Ogasiti kapena kuchiyambi kwa Seputembala. Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, mtengo wopanda mizu ungopserera, ndipo nthawi ya dzinja ndiye musayese n'komwe. Anzathu a ku Angónia ndi Tsangano komwe mvula imachuluka, inu muunde kachulu ka dothi mubzale pamwamba, madzi azitsika okha.

Koma kunena zoona achimwene, akakhala wa nthambi zambiri, ine ndikadangodula nthambi imodzi yaikulu, kuumitsa bala lake n'kuizika. Imagwira msanga, galimoto simulipira, ndipo achibale anu ku Changara atsala ndi mtengo wawo.