Kuchoka ku Lisboa kupita ku Paris pa ndege: ora lina lapita kuti?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi akuphunzira ku Lisboa, ndipo pa tchuthi akufuna kukaona amalume ake ku Paris. Wanditumizira chithunzi cha tikiti yake pa WhatsApp, koma chandizunguza mutu. Popita anyamuka 10:00 n'kukafika 13:30, pomwe pobwerera anyamuka 16:00 n'kufika 17:35. Kodi mtunda wake ndi wautali bwanji, ndipo zingatheke bwanji kuti njira yomweyo itenge maola atatu ndi theka popita, koma ora limodzi ndi theka pobwera? Kapena amupusitsa mwanayo?
Mayi wa ku Ulongue, Angónia

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, tikitiyo ilibe vuto lililonse. Mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 1,450 tikayeza molunjika, ndipo ndege yosaima panjira imauluka maola awiri ndi theka kapena kupitirirako pang'ono, popita ngakhalenso pobwera. Kuti muone kukula kwa mtundawu, kumbukirani kuti kuchokera pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete kukafika ku Maputo pali makilomita pafupifupi 1,100, choncho mwana wanu auluka mtunda woposa umenewo.

Chomwe chakusokonezani ndi wotchi. Tikiti imalemba nthawi yonyamukira potsata wotchi ya mzinda wonyamukirawo, ndipo nthawi yofikira imailemba potsata wotchi ya kumene munthu akukafikako. Dziko la France lili patsogolo pa Portugal ndi ora limodzi chaka chonse, moti mwana wanu akamatera ku Paris wotchi zakumeneko zikunena 13:30, ya pamkono pake idzakhala ikunena 12:30. Pobwerera, ora lomwe anaoneka ngati wataya lija amalipezanso, n'chifukwa chake ulendowo ukuoneka waufupi papepala. Mphindi zisanu zomwe ulendo wobwerera watalikirapo si zodabwitsa, pakuti mphepo zam'mwamba kumeneko nthawi zambiri zimaomba kuchokera kumadzulo, ndipo zimaikankha ndege popita ku Paris, n'kumaichedwetsa pobwera.

Ife kuno zimenezi sitinazolowere, chifukwa tikadutsa malire pa Calómuè kulowa ku Dedza, wotchi sitiikhudza. Komanso azungu amasintha wotchi zawo Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okutobala. Pakati pa Malichi ndi Okutobala nthawi ya ku Paris imafanana ndendende ndi yathu, koma miyezi inayo imatsalira ndi ora limodzi, ndipo muziganizira zimenezi musanayambe kuimba foni mobwerezabwereza kufunsa ngati wafika.

Chomwe ine ndingamuchenjeze mwana wanu ndi bwalo lomwe akukatera, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Orly lili pafupi ndi mzinda, makilomita ngati 13, Charles de Gaulle lili pa makilomita ngati 25, koma Beauvais, komwe ndege zina zotchipa zimatera, lili pa makilomita oposa 80, ndipo basi yochokera kumeneko imadya ora ndi kupitirira. Mukaonjezapo maola awiri oyenera kufikiratu pa bwalo la Humberto Delgado ku Lisboa ndege isananyamuke, ulendo wa maola awiri ndi theka umasanduka wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuchoka pakhomo kukafika pakhomo. Mayiko onsewa ali m'dera la Schengen, momwe nthawi zambiri anthu amadutsa malire osafunsidwa ziphaso, komabe mwana wanu asasiye pasipoti ndi chikalata chake chokhalira ku Portugal, ndipo amalume ake awauziretu dzina la bwalolo kuti asakamudikire kolakwika.