Dongo lathu ndi lokwanira, achemwali

Mtsikana wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Waona pa intaneti zithunzi za zionetsero za zoumbaumba ku Ulaya ndipo akufuna kuphunzira, koma akufunsa ngati zingatheke popanda dongo lakunja ndi uvuni wamagetsi. Akuti abale ake akumuseka kuti kuumba ndi ntchito ya agogo osauka.

Achemwali, mawu a abale anuwo andipweteka mtima. Agogo anga aakazi anali mmisiri woumba mbiya. Tinkawaperekeza kudambo kukakumba mtapo, iwo n'kuuvundika, kenako n'kuusinja pamodzi ndi mapale akale kuti mphika usadzaphulike pamoto. Analibe makina ozungulira oumbira mbiya aja. Ankaumba ndi manja, kusalaza ndi chisononkho, ndipo mphika ukayamba kuuma ankaukulungiza ndi kamwala ka kumtsinje mpaka kunyezimira. Madzi a mumtsuko mwawo ankazizira ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Nanga nyemba za mumphika wadothi, poto angazifanizire? Koma wogula ankangodzaza mphikawo ndi chimanga, malipiro n'kukhala omwewo. Atatisiya, luso lija linapita nawo kumanda, chifukwa mudzi wonse unali utatembenukira ku zidebe zapulasitiki.

Tsono tamverani izi. Magdalene Odundo, wobadwira ku Nairobi mu 1950, amaumba ndi manja n'kukulungiza, chimodzimodzi agogo aja. Lusoli anakalinola ku Abuja, ku Nigeria, ndipo mu 2019 anthu anakhamukira ku nyumba ya zionetsero ya Hepworth Wakefield ku England kukaona mitsuko yake. Ladi Kwali, mayi woumba wa ku Nigeria komweko, nkhope yake ili pa ndalama ya 20 naira. Ife kuno mapale amene anafukulidwa ku Nkope, ku Mangochi, ali ndi zaka zoposa 1,500, koma tikuchitabe manyazi ndi dothi m'zikhadabo. Ndinene mosapsatira: chionetsero chilichonse m'Malawi muno choika mtsuko wa mayi wakumudzi patebulo osalemba dzina lake, chikumubera mayiyo. Wojambula zithunzi timamutchula dzina, woumba timangoti "zachikhalidwe". Zimenezi zithe.

Poyambira

Funsani pamsika amene amaumba miphika ikugulitsidwayo, mupite kwawo, muwalipire ngati mphunzitsi weniweni. Dongo mukalipeza, lipoteni ngati chingwe n'kulikulunga pachala. Likathetheka ndiye kuti mchenga wachuluka. Choumba chanu chiume pamthunzi, osati padzuwa. Moto wa nkhuni wapabwalo sungakupatseni makapu onyezimira ngati galasi, amenewo amafuna uvuni wotentha kwambiri. Kuti muone mbali imeneyo pitani ku Dedza Pottery, komwe akhala akuumba ndi dongo la kuno kuyambira 1987, ndipo ku Nkhotakota Pottery mukafunse za maphunziro awo a alendo.