Kutokosa m'khutu ndi kutsokomola zimagwirizana bwanji?

Mayi wina wa ku Balaka wandilembera imelo yotere: "Ndikamatokosa m'khutu la kumanja ndi kamtengo ka machesi, ndimayamba kutsokomola, moti amuna anga amandiseka. Komanso chifuwa chikandigwira kwa masiku angapo, m'mimba ndi m'nthiti ndi momwe mumawawa. Kodi si mapapo amene amatsokomola?"

Ayi amayi, mapapo satsokomola okha. Alibe mphamvu yokankhira mpweya kunja mwankhanza chonchija. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kholingo, nthiti ndi mimba, motsogoleredwa ndi mitsempha yonyamula mauthenga. Mafunso anu onse awiri yankho lake lagona pamenepa.

Tiyambe ndi alonda. M'kholingo, m'njira ya mpweya yotsikira m'chifuwa, makamaka pamphambano pomwe njirayo imagawikana kupita ku mapapo awiri, muli timitsempha tomva msanga kwambiri. Kanyenyeswa ka nsima, utsi wa nkhuni zaziwisi, fumbi la kuchigayo kapena makhololo zikangokhudza pamenepo, uthenga umakwera kudzera mu mtsempha wotchedwa vagus. Pa mitsempha 12 yochokera mwachindunji ku ubongo mbali iliyonse, vagus ndi wa nambala 10, ndipo ndi woyendayenda kuposa yonse: umatsika m'khosi, umafika kumtima, kumapapo mpaka kumatumbo. Uthengawo umakatsikira kumunsi kwa ubongo, chapankhongo, pamalo otchedwa medulla. Kumeneko ndi kumene kumachokera lamulo lakuti tsokomolani, inu musanaganize n'komwe.

Tsono nkhani ya khutu lanu nayi. Vagus ali ndi kanthambi kakang'ono kamene kamapita kukhungu la m'ngalande ya khutu. Kamadziwika ndi dzina la Friedrich Arnold, katswiri wa ku Germany wa kapangidwe ka thupi. Kamtengo kanu kakakanda pamenepo, ubongo umalandira uthenga kuchokera ku mtsempha womwewo umene umabweretsa madandaulo a kholingo, ndiye umayankha monga umayankhira nthawi zonse. Zimachitikira anthu ochepa chabe, pakati pa 2 ndi 4 mwa 100 alionse, ndipo kawirikawiri khutu limodzi lokha. Si matenda. Koma machesiwo asiyeni, nthenga ya nkhuku nayonso ayi: zimangokankhira phula mkati ndipo zingaboole nembanemba ya khutu. Pali anthu amene chifuwa chawo chouma chimatha akangowachotsa phula kapena katsitsi kamene kanatsamira m'kati mwa khutu.

Lamulo likachoka ku medulla, zinthu zimachitika mwadongosolo. Choyamba mumakoka mpweya wambiri. Wokoka ndi mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene kuchipatala amati diaphragm. Chodabwitsa n'chakuti mtsempha wake, phrenic, umachokera m'khosi, pa mfundo ya 3, 4 ndi 5 ya mafupa a m'khosi, n'kutsika chifuwa chonse kukaupeza. Kenako kholingo limatseka, timinofu totulutsa mawu timakumana ndi kugwirana zolimba. Chitsekereni chomwecho, minofu ya pamimba ndi ina ya pakati pa nthiti imafinya ndi mphamvu zake zonse. Mphamvu ya mpweya wotsekeredwayo ingafike 300 pa muyeso womwe uja wa BP, pomwe BP ya munthu wabwinobwino imakhala cha mu 120. Pasanathe theka la sekondi kholingo limatseguka mwadzidzidzi, mpweya n'kuphulika ngati chigubu cha thobwa losasa mukamasula chitsekerero, n'kukokolola zonse za m'njira.

Ikani chikhatho pamchombo, mutsokomole kamodzi. Mumva mimba ikulimba gwa! Ndiye werengerani kuti minofu imeneyo yachita zimenezi usiku ndi usana kwa sabata. Kuwawa kwanuko n'kutopa kwa minofu basi. Mphamvu yomweyo imakankhanso kumunsi, n'chifukwa chake amayi ambiri amene anabereka amadontha mkodzo akatsokomola, ndipo wochitidwa opareshoni ya pamimba amauzidwa kuti agwirize pilo pabala akafuna kutsokomola. Ululu wobaya malo amodzi mukamakoka mpweya, pamodzi ndi kutentha thupi kapena phuma, ndi nkhani ina. Kumeneko pitani kuchipatala, chingakhale chibayo.

Mtsempha umene umandisangalatsa kwambiri ndi wotseka kholingo uja. Nawonso ndi nthambi ya vagus, koma m'malo molunjika kukholingo komwe kuli pafupi, wa kumanzere umatsika kaye m'chifuwa, kuzungulira pansi pa mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima, n'kukweranso. Ulendo wautaliwu uli ndi mtengo wake. Chotupa cha m'chifuwa chingaupanikize, opareshoni ya chithokomiro ingauvulaze, ndipo munthu amasasa mawu, chifuwa chake n'kumamveka chopanda kuphulika kuja chifukwa chitseko sichikutsekeka.

Ineyo chifuwa chofooka chimandidetsa nkhawa kuposa chaphokoso. Wovulala msana pangozi ya minibasi, ngati pavulala ndi kumunsi kwa khosi, angathe kupuma chifukwa phrenic yatsala yamoyo, koma minofu ya pamimba sikulandiranso uthenga, ndiye makhololo amangodikha m'chifuwa. Wodwala sitiroko naye nthawi zina phala limalowa njira ya mpweya iye osatsamwa n'komwe. Otere adyetseni atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo musawagoneke akangomaliza.

Pa chifuwa chanucho, amayi, chikakwana masabata awiri kayezetseni makhololo kuti aone za TB. Ngati mumamwa enalapril kapena captopril a BP, auzeni adokotala, chifukwa mankhwalawa amanyerenyetsa timitsempha ta m'njira ya mpweya tija mwa anthu ena n'kuyambitsa chifuwa chouma. Musasiye kumwa panokha. Alipo ena amene angakusinthireni.