Kodi graphite wa ku Kasiya adzalowa m'makamera a mafoni?

Achimwene ena okonza mafoni ku Area 2 andilembera pa imelo. Akuti anamva pa wailesi kuti ku Kasiya kuli graphite wochuluka, kenaka wina mu minibasi ya ku Kawale anawauza kuti graphite ndiye amatulutsa graphene, ndipo graphene ameneyu watsala pang'ono kulanda malo a silicon m'makamera ndi m'masensa onse a kuwala. Funso lawo n'lakuti: "Kodi n'zoona? Nanga ife okonza mafoni zitithera bwanji?"

Achimwene, zambiri mwa zimene mwamvazo n'zoona chilichonse pachokha, koma amene anakuuzaniyo anazilumikiza molakwika.

Tiyambire pa benchi panupo. Sensa ya kamera ya foni ndi ya silicon. Kuwala kukagwerapo kumatakasa ma elekitironi, ndipo timagetsi timene tatulukato ndi timene foni imasandutsa chithunzi. Tengani rimoti ya TV, muilozetse ku kamera ya foni n'kudina batani. Pa mafoni ambiri muona kanyale kakuphethira, pomwe maso anu sakuona kanthu. Kumeneko ndi kuwala kwa infrared, ndipo silicon amakumva. Koma malire ake ali pa kuwala kwa mafunde otalika ma nanomita pafupifupi 1,100 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita). Kuwala koyenda mu fayiba ya intaneti, kwa ma nanomita 1,310 kapena 1,550, kumangomudutsa osaimapo. Pamenepo pamafunika zipangizo zina zomva kuwala, monga germanium kapena InGaAs (indium gallium arsenide), ndipo makamera a InGaAs mtengo wake ndi woboola m'thumba. Mpata umene akatswiri akulimbirana ndi umenewu, osati kamera yojambulira selfie.

Graphene ndi kagawo kamodzi kokha ka maatomu a kaboni, olukana ngati waya wa khola la nkhuku. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nanomita. Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a pa University of Manchester anamusenda ku graphite pomata ndi kumatula selotepi mobwerezabwereza, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Kagawo kameneka kamameza 2.3 peresenti ya kuwala kumene kwakagwera. Kwa chinthu chopyapyala chotere n'zodabwitsa, koma kwa munthu wofuna kupanga sensa ndi mutu waukulu, chifukwa kuwala kwina konseko kwapita. Ubwino wake ndi woti sasankha: amamva kuyambira ultraviolet mpaka kutali mu infrared, komanso ndi waliwiro zedi. Akatswiri a ku IBM anaonetsa mu 2009 kuti sensa ya graphene inkagwirabe bwino ntchito pa 40 GHz, ndiko kuti kuwala kukuphethira ka 40 biliyoni pa sekondi. Kusasankhako kumachokera pa kusowa kwa band gap, mpata wa mphamvu umene ma elekitironi amayenera kulumpha kuti magetsi ayambe kuyenda, ndipo vuto lina lili pomwepo. Mukamupatsa volteji, magetsi amayendamo ndithu ngakhale mumdima wa ndiweyani, ndiye kusiyanitsa kuwala kofooka ndi phokoso la magetsi kumavuta.

N'chifukwa chake ambiri anatembenukira ku molybdenum disulfide, MoS2. Amakaniko amamudziwa kale: ndi amene amakhala mu girisi wakuda uja wa ma CV joint. Akamusenda mpaka kutsala kagawo kamodzi, khalidwe lake limasintha, amayamba kugwira ndi kutulutsa kuwala bwino kuposa mmene amachitira ali wochindikala. Mu 2013 gulu la Andras Kis ku yunivesite ya EPFL, mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, linalengeza sensa ya kagawo kamodzi ka MoS2 yotulutsa ma ampeya 880 pa wati imodzi ya kuwala. Sensa wamba ya kuwala ya silicon (photodiode) sifika ngakhale ampeya imodzi pa wati. Nambala ngati zimenezi ndi zimene zimafalikira pa Facebook. Chimene sichifalikira n'choti sensa imeneyi inkatenga masekondi kuti iyankhe komanso kuti ibwerere m'malo, chifukwa mphamvu yakeyo imachokera ku magetsi okodwa m'timabowo ta pa chipangizocho, omwe amachedwa kumasuka. Tangoganizani kujambula vidiyo ya ukwati ndi sensa yoti kuwala kwazima kale iyo ikuonabe. Ine ndikaona nambala yaikulu pa nkhani ya sensa, ndimafunsa kaye liwiro lake ndi magetsi amene imataya mumdima.

Palinso black phosphorus, wabwino pa infrared, koma amaonongeka msanga akakhudzana ndi mpweya ndi chinyontho, moti amachita kumutsekera.

Ntchito imene ine imandigwira mtima ndi ya ku ICFO, malo ofufuzira za kuwala a pafupi ndi Barcelona. Mu 2017 anapanga kamera ya mapikiselo 388 mulitali ndi 288 mulifupi, yoona kuwala wamba ndi infrared yemwe nthawi imodzi. Anayala graphene pamwamba pa chipu cha silicon, n'kuwazapo timadontho ta lead sulfide. Timadonthoto ndi timene timameza kuwala, graphene amanyamula magetsi mofulumira, ndipo silicon wa pansiyo ndiye amawerenga. Taonani bwino apa: silicon sanachotsedwe ntchito. Wangomuikira chinthu china pamwamba kuti aone kumene payekha safikako.

Tsopano za ku Kasiya. Graphite aliko ndithu, pamodzi ndi rutile (mwala wokhala ndi titanium), ndipo kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals ndi imene yakhala ikufufuza kumeneko. Koma graphene wa zipangizo zamagetsi nthawi zambiri sachokera mu mgodi. Selotepi imatulutsa tizidutswa tochepetsetsa tongoyenera kafukufuku. Wa m'mafakitale amachita kumumeretsa: amadutsitsa mpweya wa methane pa kachitsulo kopyapyala ka mkuwa kotenthedwa mpaka madigiri pafupifupi 1,000, njira imene gulu la ku University of Texas at Austin linaonetsa mu 2009. Chovuta kwambiri ndi kumusamutsa pa mkuwapo kupita pa chipu osang'ambika, osachita makwinya, osatsalira zinyalala, ndiponso kuti machipu mamiliyoni atuluke ofanana. Apa ndi pamene ntchito yakhala ikuchedwera, ngakhale European Union inakhazikitsa pulogalamu yofufuza za graphene yotchedwa Graphene Flagship mu 2013 ndi bajeti ya mayuro 1 biliyoni.

Graphite wokumbidwa amapita kwina: ku njerwa ndi mbiya zosungunulira zitsulo, ku mafuta ofewetsa makina, komanso ku mabatire a lithium. Ngati wa ku Kasiya adzafike pa benchi panu, adzabwera ali m'kati mwa batire, osati mu kamera.

Pa za ntchito yanu, musade nkhawa. Masensa atsopanowa akayamba kuchuluka, ndikuona kuti adzayambira m'makamera a m'mafakitale osankha zakudya ndi mapulasitiki komanso pa zida za fayiba, kumene InGaAs akudula. Ngakhale atalowa mu foni, adzabwera ngati kamodyulo komata kokhala ndi riboni yake, kofanana ndi kamene mumasintha panopa. Nthawi imene muli nayo, ikani pa kumvetsa proximity sensor (sensa yozindikira kuti foni yafika pafupi ndi nkhope) ndi sensa yosintha kuwala kwa sikirini, chifukwa zimenezo ndi zimene makasitomala amabwerera nazo mukawasinthira sikirini, akudandaula kuti foni sikuzima akaiika kukhutu.